Nsinjiro Tiziika Pati? Zimene Laputopu ya Kalabu Yandiphunzitsa

Mawu amene adayankhula membala mnzathu, mlimi wa ku Kalomwe, pa mkumano wa kalabu ya omvera wailesi. Tawalemba monga adayankhulira.

Ambiri mukundidziwa, ine ndine mlimi wa kachewere ndi nyemba, ndipo sukulu ndidalekezera kalasi 6. Tsono mukamva kuti lero ndiyankhula za kompyuta, chonde musaseke. Akunyumba aseka kale m'mawa uno, amvekere, "Inu, za kompyuta mwaziyamba liti?" Koma nkhani yanga ndi ya kuika chinthu pamalo poti mnzako akachifuna achipeze. Pomaliza ndili ndi pempho loti tigwirizane lero lomwe, chifukwa pali chuma cha kalabu chimene chatsala pang'ono kutitayika.

Ndiyambe ndi kumsika. Mukapita ku Lizulu kapena ku Ulongwe tsiku la msika, simufunsa munthu kumene kuli kabichi. Miyendo imakufikitsani yokha. Kachewere ali mbali yake, usipa uli mbali yake, kaunjika ali mbali yake. Palibe amene adakupatsani mapu, koma msika udasanjidwa, ndipo kasanjidweko mudakaloweza. Tsono taganizani kuti tsiku lina mwafika, mwapeza wa usipa wakhala pakati pa a nsapato, wa tomato ali kwa okonza njinga. Katundu yense alipo, palibe chimene chabedwa. Koma mungazungulire mpaka dzuwa kupendeka, ndiwo osagula. Chinthu chikakhala pamalo osayenera chimakhala ngati kulibe.

Ndiye ndikufunseni amayi: nsinjiro malo ake ndi ati? Ena munena kuti kwa a mtedza, poti ndi mtedza wosinja. Ena munena kuti kwa a masamba, poti wogula nkhwani ndiye amafuna nsinjiro. Nonse mukunena zoona. Funso limeneli mulisunge, tibwererakonso.

Mmene Debian idafikira kuno

Mukukumbukira kuti laputopu yathu tidailandira ili yakale kale, ndipo posakhalitsa idadzaza mavairasi chifukwa cha mafulashi olowa ndi kutuluka. Mu Disembala 2023 mwana wa alongo anga, amene amaphunzira za makompyuta ku Tete, adabwera kutchuthi. Adafufuta zonse zimene zidali m'katimo n'kuikamo chinthu chotchedwa Debian. Ine ndidamufunsa kuti, "Chimenechi n'chiyani, ndipo tilipira zingati?" Iye adati, "Malume, chimenechi ndiye chimayendetsa kompyuta yonse. Simulipira kanthu, komanso simukubera munthu. Eni ake adachipanga kuti aliyense atenge."

Ine zaulere ndimazikayikira, ndiye ndidamupanikiza ndi mafunso usiku wonse. Zimene adandiuza ndi izi. Debian idayambitsidwa mu 1993 ndi mnyamata wa ku America, Ian Murdock. Mtima wake ndi Linux, imene adaiyamba Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Mwini wake si kampani ayi. Amaisamala ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ambiri sadaonanepo maso ndi maso, amangolemberana pa intaneti. Pakabuka nkhani yaikulu amaponya voti, monga timachitira ife posankha komiti. Pa Debian yomweyi munthu wina wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, adamangapo ina mu 2004 n'kuitcha Ubuntu. Mawu amenewa kwathu kuno timati umunthu.

Tsono mu Debian pulogalamu iliyonse imabwera itamangidwa ngati phukusi. Ndikati pulogalamu pano sindikunena ya pa wailesi, ndikunena chida cha mu kompyuta: cholembera kalata, chowerengera ndalama, choonera kanema. Phukusi lililonse lili ndi chikalata chake, monga thumba la feteleza limalembedwa kunja. Pamalembedwa dzina, ntchito yake, munthu amene amalisamala, maphukusi ena amene liyenera kuyenda nawo, ndi gulu limene laikidwamo. Debian 12, imene idatuluka mu Juni 2023 ndipo ndi imene ili mu laputopu yathu, idali ndi maphukusi oposa 64,000. Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 idapitirira 69,000. Taganizani msika wa mabenchi 64,000. Popanda kusanja, ndani angagulemo kanthu?

Mmene ndidasokerera

Mnyamata uja atabwerera kusukulu, ntchito idandigwera ine. Tidali titajambula zokambirana zathu za chiwawu cha kachewere, ola lathunthu, koma ku wailesi amafuna mphindi 10 zokha. Padafunika chida chodulira mawu. Ndidatsegula pulogalamu yotchedwa Synaptic, imene imaonetsa magulu onse a maphukusi kumanzere, m'Chipwitikizi monga adatikonzera. Ndikutsika ndi mndandandawo ndidaona mawu akuti Rádio Amador. Mtima udangoti phee. Ndidati, ife ndife a wailesi, kwathu ndi konkuno.

Ndidayamba kukopera. Choyamba, chachiwiri, chachitatu. Mukudziwa mmene netiweki imavutira pamalire pano, foni imati ikagwira ya kuno, kenaka yathawira ya ku Malawi. Ndidakhala pachulu masana onse. Bandulo ya kalabu idathera pomwepo. Potsegula zimene ndidakoperazo, china chimangolira ti-ti-tiii, china chili ndi manambala okhaokha. Chodulira mawu panalibe.

Nditamuimbira mnyamata uja adaseka mpaka kutsokomola. Adati, "Malume, gulu limenelo mu Debian limatchedwa hamradio. Ndi la anthu amene ali ndi timawailesi tawo kunyumba toyankhulirana ndi anzawo akutali, ena mwa iwo amatumizirana mauthenga ndi kulira kwa ti-ti kumene mwamvako. Chimene mukufuna inu ndi Audacity, ndipo chili m'gulu la sound, kutanthauza mawu." Safunsa adadya phula. A Msungichuma, ndalama ya bandulo ija ndidabweza, zili m'buku.

Poyamba ndidakwiya. Ndidati anthu amenewa sadziwa kusanja. Koma nditakhala pansi ndidaona kuti sadalakwe. Iwo adasanja poyang'ana chimene chidacho chimachita. Audacity imadula ndi kulumikiza mawu, kaya ndi a wailesi, a kwaya ya kutchalitchi kapena a pa ukwati. Ine ndimafunafuna poyang'ana kuti ndine yani. Wosanja ndi wofunafuna tidali ndi mafunso awiri osiyana m'mitu mwathu. Ili ndiye phunziro loyamba: dzina la gulu lisamamveke kwa wosanja yekha, limveke kwa mlendo amene wabwera koyamba.

Magulu amakula, ndipo pali dzala

Magulu a mu Debian alipo oposa 50. Pali la masewera, la masamu, la sayansi, la maphunziro, la makalata, la zithunzi, ndi ena ambiri amene ndi a akatswiri okhaokha. Lamulo lake ndi lakuti phukusi limodzi limakhala m'gulu limodzi basi. Wosamala phukusi amanena gulu limene akuliona kuti n'loyenera, koma mawu omaliza ali ndi kagulu kamene kamasunga nkhokwe yonse. Izi zidandikumbutsa kumsika, kumene wogulitsa sangoyala paliponse wafuna, pali womuuza pokhala.

Chinanso, maguluwa sadabadwe onse tsiku limodzi. Mu 2009 osunga nkhokwe aja adawonjezera magulu atsopano angapo, monga la video, poona kuti katundu wachuluka ndipo magulu akale adzaza. Adadikira kuti katunduyo achuluke kaye, kenaka n'kumumangira pake. Sumanga khola la ng'ombe uli ndi nkhuku ziwiri.

Palinso gulu lina lotchedwa misc, kutanthauza zosiyanasiyana. Mmenemo mumapita zonse zimene zasowa kwawo. Amayi, nyumba iliyonse ili ndi lichero kapena kathumba kotere: muli singano, batire lakufa, kiyi wa loko amene adatayika, khadi la kusikelo. Kathumbako n'kofunika ndithu, koma ukachita ulesi zonse zimathera mmenemo, ndipo kamasanduka dzala.

Mbewu ya makolo ndi mbewu ya m'sitolo

Pali kasanjidwe kachiwiri kamene kadandigwira mtima kwambiri monga mlimi. Kupatula kusanja potengera ntchito, Debian imagawanso maphukusi potengera ufulu umene uli nawo pa chinthucho. Chigawo chachikulu chimatchedwa main. Chilichonse cholowa mmenemo uyenera kukhala ndi ufulu wochigwiritsa ntchito, woona mmene adachipangira, wochisintha, ndi wogawira mnzako. Malamulo amenewa adawalemba mu 1997. Zimene sizikwanitsa malamulowa amaziika padera, m'chigawo cha non-free. Pakatikati pali contrib, cha zinthu zimene pazokha n'zaufulu koma kuti ziyende zimadalira china chimene sichili mu main.

Mnyamata uja akufotokoza, ine ndidati, "Basi, ndamva. Main ndi chimanga cha makolo." Chimanga cha makolo umasankha wekha zitsononkho zabwino, umapachika kudenga la kukhitchini kuti utsi uzikhudza, chaka chamawa umabzala, mnansi akapempha umamupatsa. Mbewu ya haibulidi imabereka bwino, palibe akukana, koma ukaibzalanso mphamvu imatsika, ndiye chaka ndi chaka umabwerera kusitolo. Tonse pano timabzala zonse ziwiri. Chofunika n'chakuti usazisakanize m'thumba limodzi, udziwe chimene wagwira m'manja.

Ndipo musaganize kuti anthu ophunzirawa sakangana. Zida zina za mu laputopu, monga kachipangizo kogwira intaneti popanda waya, siziyenda popanda kapulogalamu kochokera ku kampani imene idazipanga, ndipo makampani ambiri saulula mmene adakalembera. Kwa zaka zambiri Debian simaika timapulogalamu timeneti pa chimbale chake chovomerezeka. Zotsatira zake, munthu amaika Debian n'kupeza kuti intaneti sikugwira, pomwe chokonzera vutolo chili pa intaneti pomwepo. Ena amati tisagonje, ufulu ndiwo maziko athu. Ena amati tikuthamangitsa anthu osauka amene ali ndi makompyuta akale ndipo alibe katswiri pafupi. Mu 2022 adaponya voti. Kuyambira Debian 12 timapulogalamuti tidapatsidwa chigawo chakechake, non-free-firmware, ndipo timabwera limodzi poika. Sadatibise mu main ngati kuti n'taufulu, komanso sadatitaye. Laputopu yathu idagwira intaneti tsiku loyamba lomwelo chifukwa cha voti ya anthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Kalomwe. Kasanjidwe ka zinthu kamakhudza anthu amene wosanja sadzawaona.

Chuma chimene chikutitayika

Tsopano ndifike pa chimene ndaimirira pano. Chiyambire kujambula, mu laputopu ija tasungamo mawu oposa 400. Ndidawerenga ndekha. Pafupifupi onse alibe maina, ali ndi manambala amene foni idawapatsa, ndipo adangothiridwa malo amodzi. Kunena zoona, kalabu yathu yonse ndi misc.

Mukuwakumbukira agogo aja a kutsidya kwa dambo amene adatisiya chaka chatha. Tidawajambula akufotokoza mmene adathawira nkhondo kupita ku Dedza, mbewu ya nyemba atamanga pansonga ya chitenje, mwana kumbuyo. Adanena mmene adaibzalira pakamunda kobwereka chaka ndi chaka kuti isafe, ndi mmene adabwerera nayo kuno mtendere utasainidwa mu 1992. Nyemba zimenezo ena a inu mukudya mpaka lero. Maliro atatha, mdzukulu wawo adabwera kwathu. Adati, "Achimwene, ndamva kuti mawu a agogo muli nawo. Ndimafuna ana anga awamve." Ndidati bwera mawa.

Abale anga, zidanditengera masiku atatu. Ndimatsegula mmodzimmodzi, kumvera pang'ono, kutseka. Batire ikatha, kukatchaja kwa a sola. Mtsikanayo adabwera kawiri n'kubwerera chimanjamanja, ndipo ulendo wachiwiri sadayankhule kanthu, adangoyang'ana pansi. Tsiku lachitatu madzulo ndidawapeza. Adamvera atakhala pakhonde, misozi ili mbwembwembwe. Ine usiku umenewo tulo sindidatione. Ndimaganiza kuti, ndikadakhala kuti ndapita ku Joni kapena ndamwalira, ndani wina akadadziwa kuti mawu amenewa alimo? Ndipo mwa 400 aja, ndi agogo angati ena amene ali m'katimo osadziwika?

Nditawapeza ndidafuna kuwaika pabwino, ndiye funso la nsinjiro lidabweranso. Mawu a agogowa ndi a ulimi, poti akunena za mbewu? Ndi a mbiri, poti akunena za nkhondo? Kapena ndi a amayi, poti akunena za mzimayi amene adapulumutsa banja lake? Ndidafunsa anthu atatu a mu komiti, ndipo ndidalandira mayankho atatu.

A Debian nawonso adakumana nalo vutoli, poti phukusi limaloledwa gulu limodzi lokha pomwe zida zambiri zimagwira ntchito zingapo. Munthu wina wa ku Italy, Enrico Zini, ndi anzake adakonza njira yotchedwa Debtags. Nzeru yake adaitenga kwa S. R. Ranganathan, wosunga mabuku wa ku India amene adatulutsa njira yake yosanjira mabuku mu 1933. Phukusi limakhalabe m'gulu lake limodzi, koma amalimata zizindikiro zingapo, chilichonse choyankha funso lake: limagwira ntchito ndi chiyani, ntchito yake ndi yotani, munthu amaligwiritsa ntchito bwanji. Ndiye kaya wabwera ndi funso liti, umalipeza. Kunena mwachidule, nsinjiro zikhale kwa a mtedza, koma kwa a masamba pakhale chikwangwani chonena kumene zili. Mbuzi imagona khola limodzi, koma oidziwa ndi ambiri: wina amaidziwa ndi mtundu, wina ndi mwini wake, wina ndi khutu lodulidwa.

Pempho langa

Tsono a Tcheyamani, ndikupempha kuti tikambirane mfundo zisanu izi, ndipo ngati n'kotheka tiponye voti tisanabalalike.

Choyamba, tikhale ndi magulu ochepa, maina ake a Chichewa chimene agogo ndi mwana wa sukulu angamve. Ine ndikuganiza asanu ndi limodzi: ulimi, umoyo, mbiri ndi miyambo, nyimbo ndi magule, misonkhano ya kalabu, ndi zosiyanasiyana. Gulu latsopano tizitsegula pokhapokha katundu wake wachuluka. Tisanavomereze maina, tiitane munthu amene si wa kalabu, timuuze kuti apeze chakutichakuti, tione ngati sasokera monga ndidasokerera ine.

Chachiwiri, mawu aliwonse akhale ndi kwawo kumodzi, ndipo dzina lake liziyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka mudzi ndi mutu wa nkhani. Wojambula atchule dzinalo tsiku lomwelo asanagone.

Chachitatu, tigule kope lachikuto cholimba la zizindikiro. Tsamba la mbewu, tsamba la nkhondo, tsamba la amayi, tsamba la ngoma, ndi ena otero. Mawu a agogo aja alembedwe pamasamba atatu onse, ngakhale mu laputopu ali malo amodzi. Kope silifuna batire, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga angalitsegule.

Chachinayi, tigawe mawu athu pawiri monga main ndi non-free. Pakhale amene eni ake adavomera kuti aulutsidwe ndi kugawidwa kwa aliyense, ndi amene sitingatulutse popanda kupempha. Ena mwa inu mudayankhula za matenda anu ndi za m'banja mwanu mutatikhulupirira. Zimenezo zisapezeke m'fulashi ya munthu wongofuna nyimbo.

Chachisanu, gulu la zosiyanasiyana tizilisesa mwezi uliwonse pa mkumano. Tisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene akhale ndi mawu omaliza tikasiyana maganizo pa koika chinthu. Ndipo ndikupempha achinyamata anayi oti tithandizane kumvera mawu 400 aja Lamlungu lililonse masana mpaka titamaliza. Mutu umodzi susenza denga. Tikamaliza tikopere zonse mu fulashi ina, izikhala kunyumba ina, osati kumene kumagona laputopu.

Ndikudziwa kuti ena munena kuti imeneyi ndi ntchito yotopetsa, yopanda alawansi, ndipo dzina lako silimveka pa wailesi. N'zoona. Ngakhale amene adaika Audacity m'gulu la sound ine sindimudziwa, koma chida chake ndikugwiritsa ntchito sabata iliyonse. Kudzabwera mdzukulu wina kudzafunsa mawu a agogo ake, mwina ife tonse pano kulibe. Ndikufuna adzawapeze tsiku lomwelo, asadzabwerere kawiri ngati mtsikana uja.

Amene muli ndi maganizo ena pa maina a magulu, nenani pompano tikonze limodzi, poti ngakhale a Debian adasintha awo. Kope ndabwera nalo lachitsanzo, lili apa, mukhoza kuliona pa nthawi yopuma.